Mazinga Akatha pa Ekisero ya Njinga Yakale

 Lero ndifuna kuceza nanu za kacitsulo kamene kutalika kwace sikupitirira cikhato cimodzi, komabe kamasenza munthu ndi katundu wace yense. Ndinena ekisero ya njinga, citsulo cija cimene cipyola pakati pa gudumu ndi kuturukira mbali zonse ziwiri, pamene timangapo manati. Pa citsulo cimeneci pali timizere tozungulira timene nati iyendamo, ndiwo mazinga. Mazinga amenewa akatha, anthu ambiri amaweruza msanga kuti gudumu lonse lafa. Ine ndifuna kukuonetsani kuti kawirikawiri silinafe, ndi kuti cimene cimapha mazinga a njinga zakale masiku ano si ukalamba ai, koma nati yacilendo.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso ku Nkana East. Kumeneko kuli bambo wina wacikulire amene anagwira nchito pansi pa mgodi zaka zambiri, ndipo tsopano anapuma. Pa khonde pace pamakhala njinga yakuda ya Humber, ija ya foloko ya nthambi ziwiri mbali iri yonse, ya mabuleki a ndodo zacitsulo. Njingayo inali ya atate wace, amene anacokera ku Fort Jameson, kumene tsopano timati Chipata, kudzafuna nchito kuno ku migodi.

Acinyamata mwina sadziwa kuti Nkana East sinali malo a munthu ali yense. Mgodi wa Nkana unayamba kuturutsa mkuwa m'caka ca 1932, ndipo kampani ya Rhokana inamanga nyumba za maluwa ndi mipanda za anchito ace acizungu, pamene anthu akuda anali kukhala ku Wusakile, ku Mindolo ndi ku Chamboli. Munthu wakuda wolowa m'misewu ya Nkana East masiku amenewo anali wophika, wa m'dimba, kapena wotumidwa. Atate a bambo ameneyu anali wophika, ndipo m'mawa muli monse anali kulowera pa cipata ca kumbuyo akukankha Humber yomweyi. Patapita zaka, pamene ZCCM inagulitsa nyumba zace kwa anchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mwana wa wophika uja anagula nyumba m'dera lomwelo. Tsono mungathe kuona cifukwa cace njinga imeneyi siiri citsulo wamba kwa iye.

Tsiku lina mdzukulu wace anaitenga kukagula thumba la ufa. Pobwerera, ali kupalasa mwamphamvu pa kacitunda, gudumu la kumbuyo linaseseleka nkukakhula feremu, cheni inagwa, ndipo mnyamatayo anagwera m'mphepete mwa msewu minibasi iri kudutsa pafupi ndithu. Anapulumuka ndi zilonda za pa cigongono. Atapita kwa wokonza njinga wa pansi pa mtengo, uyo anayesa kumanga nati, koma inangozungulira osagwira. Anati, "Kauze agogo ako kuti gudumu ili latha, agule lina." Mnyamatayo pofotokoza kunyumba anaulula kuti mwezi wapitawo nati ya kale inatayika, ndipo iye anagula yina pa msika nkuimanga osauza munthu.

Pamene ndinafika, bamboyo anandipatsa natiyo m'manja, nati, "Mwananga, taonani, iyi ndi yatsopano, yonyezimira. Nanga yalephera bwanji pamene ya atate inakhala zaka zonsezi?" Funso limeneli ndilo mutu wa nkhani yathu, ndipo kuti ndiliyankhe ndiyenera kukutengerani pang'ono ku England, kumene njinga zimenezi zinacokera.

Njinga za Raleigh zinali kupangidwa mu mzinda wa Nottingham, ndipo Humber nayonso inalowa m'manja mwa Raleigh m'caka ca 1932. Opanga njinga a ku England, pamodzi ndi a Hercules, Phillips ndi BSA, anali ndi muyeso wao wa mazinga wosiyana ndi wa makina ena. Pa ekisero anali kudula mazinga 26 pa inchi imodzi. Ekisero ya kutsogolo kunenepa kwace kunali 5/16 ya inchi, ndiye pafupifupi mamilimita 8, ndipo ya kumbuyo inali 3/8 ya inchi, ndiye mamilimita 9 ndi theka. Sungani manambala amenewa, makamaka 26, pakuti tidzabwererako.

Mungafunse kuti anasankhiranji mazinga ang'onoang'ono cotere, pamene bauti ya Whitworth ya 3/8, imene mafitala akale a pa mgodi aidziwa bwino, iri ndi mazinga 16 okha pa inchi. Cifukwa cace nciti? Pa ekisero yomweyo pamayendanso makoni, tizitsulo tija tosongoka timene tipanikiza maberingi m'kati mwa habu. Koni ifunika kusunthidwa pang'onopang'ono, mwa muyeso wa tsitsi, kuti gudumu lisagwedere ndiponso lisalimbe. Pa mazinga 26, mukazungulitsa koni kamodzi isuntha mtunda wosakwana milimita imodzi, ndipo mukapotoza pang'ono cabe isuntha mosaoneka ndi maso. Nati ya mazinga otere simasukanso msanga ndi mabampu a m'msewu. Koma ubwino umenewu uli ndi mtengo wace. Zinga liri lonse kuya kwace ndi theka la milimita basi, ngati kukhuthala kwa cikhadabo. Munthu wolemera, thumba la makala ndi mphamvu ya miyendo yace pokwera citunda, zonsezi zidalira kacitsulo kopyapyala cotero.

Tsono bvuto la masiku ano ndi ili. Raleigh inaleka kupanga njinga ku Nottingham m'caka ca 2002, ndipo njinga zambiri zimene zadzaza m'misika yathu, makamaka zija za magiya ambiri, ziri ndi muyeso wa mamilimita. Ekisero yace ya kumbuyo kawirikawiri ndi ya mamilimita 10, ndipo mazinga ace atalikirana milimita imodzi, ndiye mazinga 25 ndi kacigawo pa inchi. Taonani kuyandikira kwace: 26 ndi 25 ndi kacigawo, mamilimita 9 ndi theka ndi mamilimita 10. Mukaika manati awiriwa pa cikhato, diso silitha kuwasiyanitsa, ngakhale wogulitsa yemwe nthawi zina sadziwa, cifukwa onse amakhala m'citini cimodzi. Nati ya mamilimita 10 ilowa bwino lomwe pa ekisero ya Humber, ilowa mosabvuta kuposa yeniyeni, ndipo munthu akondwa kuti wapeza. Koma popeza bowo lace ndi lalikulu, ingogwira nsonga zokha za mazinga. Mukamanga ndi sipanala, nsongazo zipindika, zina zimetedwa. Idzagwira sabata imodzi kapena mwezi, kenaka pa tsiku la katundu idzaleka. Imeneyi ndiyo nati imene mdzukulu uja anagula.

Palinso nati yacitatu, ya 3/8 yomweyo koma ya mazinga 24, imene ipezeka pa mahabu ambiri a buleki ya m'mapedulo, ija yoima mukapalasira kumbuyo. Iyi khalidwe lace ndi losiyana. Ilowa kawiri kapena katatu, kenaka ilimba. Munthu wosadziwa aganiza kuti ndi dzimbiri, natenga sipanala yaikulu, nakakamiza, ndipo natiyo idzidulira njira yaceyace pamwamba pa mazinga akale. Ndipo inu a m'mashopu a pa mgodi, ndikupemphani, manati a makina a kunchito asayandikire njinga. Nati wamba ya mamilimita 10 mazinga ace atalikirana milimita imodzi ndi theka. Imeneyo ikangokakamizidwa kamodzi, ekisero yapita.

Lamulo lace ndi lapafupi. Nati yoyenera iyenda ndi zala zokha kucokera ku nsonga mpaka kukafika pa feremu, yosalimba ndiponso yosagwedera. Ikafika pakati, igwireni ndi zala ziwiri ndi kuigwedeza. Ikamanena gwede gwede ngati dzino lofuna kuguluka, ndi yaikulu. Ikakana italowa katatu, mazinga ace ndi ena. Sipanala nchito yace ndi kumaliza kumanga cabe, osati kuyendetsa nati. Ngati muli ndi maekisero awiri ndipo mufuna kudziwa ngati mazinga ace ndi amodzi, agundanitseni m'litali, muyang'ane kumene kuli kuwala. Ofanana alumana bwino lomwe osasiya mpata. Amene muli ndi bwenzi fitala, mpempheni ayese kunenepa kwace ndi cipangizo cace coyesera. Safunsa anadya phula.

Sindinena kuti nati yacilendo ndiyo yokha imaononga. Pali ena amamenya nsonga ya ekisero ndi nyundo pofuna kucotsa gudumu, nsongayo nkuphwatalala ngati bowa. Pali ena amayenda ndi nati yomasuka, ekisero nkumakhulana ndi feremu mpaka mazinga a pamenepo afafanizika. Ena amaunjika pa ekisero miyendo ya kaliyala, ya madigadi, ya sitandi ndi zopondera za wokwezedwa, kotero kuti nati itsala ndi mazinga atatu okha ogwira. Enanso, pofuna kuonetsa mphamvu, amalumikiza paipi ku sipanala. Zonsezi ndaziona.

Tibwerere tsono pa khonde paja. Coyamba cimene tinacita cinali kucotsa gudumu ndi kutsuka nsonga ya ekisero ndi parafini ndi burashi ya waya. Musanyoze nchito imeneyi, pakuti ndi pano pamene magudumu ambiri oweruzidwa amapulumukira. Ekisero yabwino yakale ndi yolimba kuposa nati ya pa msika, ndipo pamene ziwirizi zilimbana, kawirikawiri imene igonja ndi nati. Zitsulo zometedwa ku nati zitsalira m'mipata ya mazinga, pamodzi ndi mcenga ndi girizi wouma, ndipo ekisero ioneka yosalala ngati msomali. Titatsuka, ndinatenga singano yaikulu nkuyamba kutokosa, ndipo munaturuka kawaya kopyapyala kozungulira ngati mphete. Amenewo anali mazinga a nati yatsopano ija. Pansi pace mazinga a Humber analipo ndithu, kupatula atatu amene nsonga zace zinagonekedwa.

Mazinga ogonekedwa amadzutsidwa ndi katupa kakang'ono ka ngondya zitatu. Pano pali cinthu cokondweretsa. Mpata wa pakati pa mazinga a njinga za ku England unadulidwa pa madigiri 60, ndipo ngondya iri yonse ya katupa kameneka irinso madigiri 60, kotero kuti kakhala mu mpatawo ngati kanapangidwira pomwepo. Yambirani pa zinga labwino, mulole katupa katsate njira yace kulowa pamene paonongeka, mukuzungulitsa ekisero pang'onopang'ono ndi dzanja linalo. Mucotse cokhaco cimene cagwera mu mpata. Musakumbe pansi, ndipo musakhudze pamwamba pa zinga, pakuti citsulo cimene mwacotsa sicibwerera. Pakutha pa zikoka zowerengeka ziri zonse, pukutani ndi kuyesa nati yoyenera. Nchito imeneyi ifuna maso ndi kuwala kwa dzuwa, osati nyali. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ife tinakhalapo kuyambira tiyi wa m'mawa mpaka mthunzi wa mpapaya unafika pa masitepe.

Ngati nsonga ndiyo yaphwatalala ndi nyundo, tengani tupa lafulati, muisongole pang'ono mozungulira monga musongolera pensulo, mpaka zinga loyamba lioneke. Ndipo ngati mbali ya m'kati kukadali nati kapena koni, musaicotse musanasongole. Mukatha, ithireni mafuta ndi kuimasulira kunja; pakuturuka idzaongola mazinga amene yapitamo. Koni igwira bwino nchito imeneyi kuposa nati, cifukwa citsulo cace ndi coumitsidwa.

Pali nzeru yina imene ndinaphunzira kwa mmisiri wina wakale, yothandiza pamene nati yakaniratu kulowera ku nsonga. Mutenge nati yoyenera, muidule pakati ndi sowo ya zitsulo kuti ikhale zibenthu ziwiri. Zibenthuzo muzikumanize pa ekisero kuseri kwa malo oonongeka, pamene mazinga akadali abwino, muzipanikize ndi pulayala kapena vaisi, muthire mafuta, ndipo muzungulitse kuturukira kunja. Ubwino wace ndi wakuti natiyo iyambira pa njira yoona, tsono singasocere. M'mphepete mwace modulidwamo mupala mazinga opindika ndi kuturutsa zinyalala. Mukabwereza kanai kapena kasanu, nati yathunthu idzalowa.

Amene muli ndi mwai wopeza dayi, cida cija codulira mazinga, onetsetsani kuti palembedwa 26. Dayi ya 24 kapena ya mamilimita idzamaliza cimene nati yacilendo inayamba. Ndiponso kumbukirani kuti dayi siibala mazinga. Nchito yace ndi kumeta basi. Pamene citsulo cinacoka, dayi idzangodutsa, ndipo ngati ndi ija yotheka kupanikiza, mukaipanikiza kwambiri mudzaonda ekisero yonse, ngakhale nati yoyenera idzayamba kugwedera. Ine ndikhulupirira katupa ndi nati yodula pakati kuposa dayi m'manja mwa munthu wofulumira.

Nanga ngati mazinga anametedwadi, koma pa malo amodzi okha? Apa muyenera kuwerenga. Nati ifuna mazinga abwino odzaza kuya kwace konse, asanu ndi limodzi kapena kuposapo. Ngati kunja kwa malo oipawo kwatsala mazinga okwanira, ikani washala yokhuthala imodzi kapena ziwiri kuti nati ikakhale pa abwinowo. Ngati abwino ali m'kati, cotsani miyendo ya kaliyala kapena zopondera zimene zatenga malo, muzimange kwina, nati itsike. Pa gudumu la kumbuyo mungathenso kumasula makoni onse awiri ndi kusunthira ekisero mbali imodzi mazinga atatu kapena anai, kuti malo oipawo abisike m'kati mwa feremu, malinga mbali inayo yatsala ndi utali wokwanira. Koma malo oipa asafike pansi pa koni kapena pansi pa kanati kopyapyala kamene kamatsekera koni. Pamenepo pakagwedera, maberingi atha msanga ndipo habu yomwe idzadyeka.

Tsopano ndinene zimene simuyenera kucita, ngakhale ndidziwa kuti ambiri a ife tinazicitapo pa tsiku la tsoka. Kukulunga ulusi, pepala la pulasitiki kapena waya wa mkuwa pa ekisero kuti nati ilimbe ndi kudzinamiza. Idzalimba m'dzanja, koma mphamvu ya cheni pokwera citunda siimva zimenezo. Zingakufikitseni kunyumba mukukankha, osati mutakwera. Kuocherera nati pa feremu ndi kuipitsitsa, pakuti tsiku limene tayala lidzaphulika mudzafuna sowo. Ena amati tiocherere citsulo cina pa ekisero, tidule mazinga atsopano. Moto umasintha citsulo. Pena cifewa, pena ciuma ngati galasi, ndipo ekisero yotere ithyokera pamene inaocheredwa, osacenjeza. Gudumu la kumbuyo likaseseleka munthu agwa cammbali, monga anacitira mnyamata uja. La kutsogolo likacoka, munthu agwa camutu.

Cifukwa cace, ngati mwatsuka, mwapala, mwawerenga, ndipo mazinga abwino sakwanira, sinthani ekisero. Musasinthe gudumu. Ekisero ndi cinthu cochipa poyerekeza ndi gudumu, ndipo gudumu la Humber kapena Raleigh yakale, la mainchi 28, la masipoko 40 kumbuyo ndi 32 kutsogolo, simudzalipezanso lofanana nalo mosabvuta. Musinthenso ekisero ngati yapindika, ngakhale mazinga ali bwino. Igubuduzeni pa galasi kapena pa tebulo losalala, yopindika idzadumphadumpha. Musaiongole ndi nyundo, pakuti citsulo cimene capindika nkuongoledwa catopa kale.

Mwai wathu ndi wakuti njinga zakuda za ku India, monga Hero, Atlas ndi Avon, zinatengera kapangidwe ka njinga za ku England, ndipo zida zace nthawi zambiri zigwirizana ndi zakalezi. Anzathu a kum'mawa akumbukiranso Eagle, imene inali kupangidwa ku Luangwa Industries ku Chipata. Nayonso inali ya mtundu womwewo. Tsono popita ku Chisokone kapena kwa wogulitsa zida wina ali yense, musapite ndi pakamwa pokha. Nyamulani ekisero yakale, koni yace ndi nati ya mbali imene sinaonongeke. Yesani koni yanu pa ekisero yatsopano pomwepo, wogulitsa akuona, ndipo mulinganize utali. Ngati makoni anu akale akadali osalala, opanda timaenje pamene maberingi ayenda, abwezereni omwewo, cifukwa anasulidwa molingana ndi mbale za habu yanu. Musanyozenso mulu wa zitsulo zakale kuseri kwa wokonza njinga. Nati imene tinamangira Humber ija tinaicotsa pa gudumu lakufa la Phillips limene linali kuseweretsedwa ndi ana.

Pocotsa ekisero ya kumbuyo, yalani nsaru pansi, pakuti maberingi akagwera m'pfumbi simudzawaonanso. Masulani mbali ya kumanzere yokha, musolole ekisero kucokera kumanja, ndipo musanacotse koni ya kumanja muyese utali wa citsulo coturukira kunja, kuti pa yatsopano mudzaike cimodzimodzi. Mukapanda kutero gudumu lidzakhala pambali, ndipo mabuleki a ndodo, amene afuna rimu ikhale pakati penipeni, adzagwira mbali imodzi. Maberingi a kumbuyo ndi a 1/4 ya inchi, kawirikawiri 9 mbali iri yonse. A kutsogolo ndi a 3/16, kawirikawiri 10 mbali iri yonse. Musasakanize akale ndi atsopano. Pakani girizi wa galimoto, osati mafuta ophikira. Pomanga koni, ifikitseni ndi zala mpaka ikhudze, muibweze pang'ono, kenaka muitsekere ndi kanati kace. Muyeso wa akale ndi uwu: mukanyamula njinga, gudumu lizungulire lokha mpaka valavu itsikire pansi ndi kulemera kwace, koma mukagwedeza rimu cammbali isamveke kugogoda.

Pa gudumu la kutsogolo la Raleigh ndi Humber zakale pali msampha umene wagwira amisiri ambiri, ndipo ndiyenera kuuchula. Habu imeneyi iribe tinati totsekera makoni. Koni imodzi ndi yobulungira, yopanda pogwira sipanala, ndipo imamangidwa mpaka kukagunda kaphewa kamene kali pa ekisero. Koni inayo ndiyo iri ndi pogwira sipanala, ndiyo yosunthira. Yobulungirayo iyenera kukhala ku dzanja lamanja la wokwera, mbali ya cheni, ndipo yosunthira ikhale kumanzere. Mukatembenuza gudumu, kuzungulira kwace kudzayamba kumanga koni yosunthira yokha, ndipo idzapanikiza maberingi mpaka aphwanyike kapena gudumu liime muli pa liwiro. Ndiponso makoni amenewa ali ndi kamlomo kolowa m'bowo la foloko, kotero kuti ngakhale mwamasula manati gudumu silituruka mpaka mutakanula foloko pang'ono ndi manja. Anthu osadziwa zimenezi ndiwo amatenga nyundo. Cifukwa ca kaphewa kaja, ekisero imeneyi singasunthidwire mbali monga ndinanenera za ya kumbuyo.

Mau awiri kwa inu amene njinga yanu iri ndi magiya atatu a m'habu, a Sturmey-Archer, aja a kacheni kolowa m'kati mwa ekisero. Ekisero imeneyo ndi ya muyeso waceyace, 13/32 ya inchi, mazinga 26, ndipo ndi yophwatalala mbali ziwiri, tsono mazinga ogwira ndi ocepa. Manati ace anawapanga ofewa mwadala kuti akamangidwa mopitirira afe iwo, ekisero ipulumuke, cifukwa kusintha ekisero imeneyo ndi kupasula habu yonse. Nati yotere ikatha, funani ya Sturmey-Archer yomweyo. Musaike yolimba ya mtundu wina, ndipo musataye mawashala ace a mano amene aletsa ekisero kuzungulira m'feremu.

Ku Nkana East kuja sitinafike posintha ekisero. Titadzutsa mazinga atatu aja, nati ya Phillips inayenda ndi zala mpaka pansi. Tinacotsa zopondera zimene mdzukulu anaonjezapo, tinaika washala yatsopano, tinakoka cheni ndi tizitsulo tace tokokera mpaka gudumu linakhala pakati, ndipo tinamanga manati mosinthana, pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, ndi sipanala yaifupi ya m'thumba la pansi pa cishalo. Tinapaka girizi pang'ono pa mazinga otsalira kunja cifukwa ca mvula. Bamboyo anakwera yekha, nazungulira mpaka pa mphambano ndi kubwerera, ndipo potsika anaitana mdzukulu wace, nampatsa nati yonyezimira ija kuti akaiponye kudzala, kuti wina asadzaitole.

Nthawi yanga yatha. Amene muli ndi funso pa za njinga zanu zakale, lembani kalata, muchule dzina la njinga ndi mbali imene yabvuta. Tsalani bwino nonse.